Chingerezi Chikadutsa pa Thabwa

Mawu otsutsana ndi mawu awiri amene matanthauzo awo amafulatirana, monga "hot" ndi "cold", "come" ndi "go", "full" ndi "empty". Ana asukulu amawaloweza mwakhama, chifukwa wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza masamu chotani. Koma mndandanda wa m'bukuwo umagwira ntchito kulekezera pamwamba pa zitunda zotsikira ku Chikwawa. Galimoto ikangodutsa pa Thabwa, mawu ambiri amatembenuka.

Oyamba kuvulala ndi mawu a nyengo. Ku Ngabu ndi ku Bangula, mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, motero "cold drink" ndi chakumwa chilichonse chimene sichiwotcha lilime. Alangizi a zaulimi nawonso amatchula ulimi wa kudimba kuti "winter cropping", chonsecho wolima mbatata m'mbali mwa Shire amakhetsa thukuta mu "winter" momwemo. Mlembi wa danga lino, amene anathamangira kukagula jekete pa kaunjika atangomva za "winter", amaitsamira usiku mpaka lero.

Gulu lachiwiri ndi la mayina a malo, ndipo apa nkhani ndi yaikulu. David Livingstone atadutsa mu Shire mu 1859 anaona njovu mazanamazana m'dambo lina, dzina n'kukhala Elephant Marsh. Lero m'damboli muli mvuu, ng'ona, mbalame ndi asodzi. Wofuna njovu amapita ku Majete, kumene nazonso zinachita kubwera pa malole kuyambira mu 2006.

"Port", malinga ndi mabuku, ndi malo ofikira sitima zapamadzi. Nsanje inkatchedwa Port Herald m'nthawi ya atsamunda, ndipo mu Okutobala 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegula Nsanje World Inland Port. Sitima imene anthu ankaiyembekezera tsikulo inagwidwa ku Mozambique. Chiyambire pamenepo, "port" kuno ndi malo odikirira sitima, ndipo amene amayenda pamadzipo ndi amabwato amene sanaitanidwe n'komwe ku mwambowo.

Palinso East Bank ndi West Bank. "Bank" ya m'tauni imasunga chuma cha munthu. Ya kuno imalandira chimanga, mbuzi ndi nkhuku chaka chonse, kenaka Shire ndi Ruo amabwera kudzatapa osasayina fomu, monga zinachitikira ku Makhanga mu Januwale 2015 komanso pa namondwe Freddy mu Malichi 2023. Mlembi wa danga lino ndi kasitomala wakale wa banki imeneyi, ndipo chiwongoladzanja chake amachilandira m'matope, amene kunena zoona amabereketsa chimanga chadzaoneni.

Gulu lachitatu ndi mawu a tsiku ndi tsiku. "I am coming" amanenedwa ndi munthu amene akuchoka, makamaka akaona amene anamukongoza akutulukira pakona. "Full" ndi minibasi imene yatsala ndi malo a anthu anayi, thumba la thonje ndi mbuzi imodzi. "Just here" ndi mtunda umene wakabaza amaulipiritsa kawiri akafika. "Come tomorrow" ya mu ofesi simatchula kuti mawa lake ndi la chaka chiti.

"Borrow" ndi "lend" ndiye anasiya kalekale kutsutsana. Onse analowa m'mawu amodzi akuti "borrow me", amene amamasuliridwa kuti "ndipatseni, ndipo tisadzakumbutsanenso". Akadaulo a galamala amadana nawo mawuwa, koma palibe amene anawakanapo ndalama zitaperekedwa.

Vuto lomaliza ndi la L ndi R, zilembo zimene lilime la kuno limaziona ngati mapasa. "Pray" ndi "play" amamveka chimodzimodzi, moteronso "right" ndi "light". Mlembi wa danga lino akamauza akazi ake Lamulungu masana kuti akupita ku "pray", amakhala sananame, ngakhale amapezeka pa bawo pa Dyeratu. Mayiwo, amene Chingerezi anachikhoza, amangoyankha m'Chisena, ndipo nsima ya madzulo amenewo imakhaladi "cold", mogwirizana ndi buku.