Walira Mvula Walira Matope

Makolo athu amene analima nthaka ya pakati pa mtsinje wa Namadzi ndi phiri la Chiradzulu, pokhala anthu odziwa kuti chokoma chilichonse chimadza ndi chowawa chake, anatisiyira mwambi wakuti walira mvula walira matope. Ndipo mwambiwu, umene kale unali kulangiza mnyamata wothamangira banja asanalingalire za kudyetsa ana, kapena munthu wolakalaka ufumu asanaganize za milandu ya malire a minda, lero wapeza mwini wake watsopano, ndiye munthu woputa anzake dala.

Munthu ameneyu mudzampeza madzulo a Loweruka m'nyumba zija za kanema za pa Namadzi ndi m'misika ina ya kuno ku Magomero, momwe anyamata ndi madoda omwe amalipira pakhomo kuti aonere mpira, jenereta ili kulira kuseri. Iye alibe timu, ngakhale kuti palibe wofuula kumposa. Bullets ikagonja, iye ndi wa Wanderers, Nyerere chibadwire. Koma Wanderers ikagonja sabata yotsatira, mudzamuona atavala malaya ofiira, nalumbira pa manda a agogo ake kuti mtundu wawo wonse ndi wa Maule kuyambira 1967, chaka chimene Bullets inabadwa. Ukafika mpira wa ku England, amayamba wayang'ana nkhope ya munthu amene mtima wake wasweka koposa onse, nakhala naye pafupi, namfunsa ndi mawu aulemu wonse kuti, "Achimwene, mundikhululukire, ine ndine mbuli pa za mpira, kodi Manchester United inatenga liti ligi komaliza?" Chikhalirecho akudziwa bwino lomwe kuti munali mu 2013, pamene Alex Ferguson anali kutsanzika, ndipo yankho sakulifuna konse, chimene akufuna ndicho kuona mitsempha ya m'khosi mwa mnzake ikutupa.

Pakuti imeneyi ndiyo mvula imene iye amailirira: mkwiyo wa anthu ena. Ku banki mkhonde amadikira kuti amayi onse akhale chete, ndipo pamenepo amayamikira mokweza malata atsopano a pa nyumba ya msungichuma, nafunsa ngati malata atsika mtengo masiku ano. Pa maliro, madoda akuwotha moto usiku, amaponya dzina la chipani chimodzi ndi la chinzake, nachoka kukamwa madzi, kuti pobwera apeze anthu amene anadza kudzalira pamodzi atayamba kulozana zala. Ndipo mukamdzudzula ali ndi mawu awiri okha amene amathawiramo, akuti "Ine ndimangofunsa" ndi akuti "Kodi simudziwa kucheza?"

Tsono mvula ikagwa masiku ambiri, nthaka imakhuta. Mwini kanema, amene kuleza mtima kwake kukadamchititsa manyazi Yobu, anachenjeza, nachenjezanso, koma ataona kuti benchi yathyoka pa mkangano, ndi kuti anthu odekha amene amalipira sabata ndi sabata ayamba kupita kwa mnzake wa tsidya la msewu, anaima pakhomo tsiku lina, nabweza ndalama m'dzanja la mwini wake, nati, "Bambo, ndalama yanu nayi, mpira mukaonere kwina." Amayi a ku banki nawo anamwerengera masheya ake mpaka tambala yomaliza, namtsanzika mwaulemu.

Apa ndipo pamene mwambi wa makolo umaonetsa mano ake, pakuti munthu amene anakhala miyezi akuseka misozi ya anzake, matope atamfika m'maondo analira koposa mwana wolumidwa ndi njuchi. Anayenda msika wonse akulalikira kuti ufulu wolankhula wafa m'dziko muno. Kuti anthu sanavotere zimenezi pa riferendamu ya pa 14 June 1993. Kuti gawo 35 la malamulo aakulu a dziko limampatsa mphamvu yonena zakukhosi. Ndipo pofika pa sitolo yomaliza anali atadziika kale m'gulu la John Chilembwe ndi Jack Mapanje, monga munthu wozunzidwa chifukwa cha choonadi.

Tiyeni timuyankhe mofatsa, pakuti maina amene wawatchulawo ngolemera, ndipo ife a ku Magomero sitingalole kuti aseweretsedwe. Chilembwe wa ku Mbombwe sanalankhule kuti aone anthu akukwiya iye naseka. Analankhula chifukwa pa minda ya A. L. Bruce, imene woyang'anira wake anali William Jervis Livingstone, anthu anali kugwira thangata ndi kukwapulidwa, ndipo nyumba zawo zopempherera zinali kutenthedwa. Mu November 1914 analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula za anthu akuda amene anali kufera nkhondo ya eni ake, ndipo boma la atsamunda linatsekereza mawuwo. Pa 23 January 1915 anadzuka ndi anthu ake, ndipo pasanathe masabata awiri anali ataphedwa. Mlakatuli Mapanje naye anakhala m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 kufikira 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Anthu awa anadziwa mtengo wa mawu awo, naulipira osanena kuti anali kungocheza. Nchifukwa chake nkhope ya Chilembwe ili pa ndalama ya K2,000, pamene ya mnzathuyu, ndinena motsimikiza, sidzaikidwa ngakhale pa tikiti ya kanema.

Ndipo popeza mnzathu wakonda za malamulo, abwerere m'mbuyo pang'ono m'buku lomwelo, awerenge gawo 32, limene limapatsa anthu ufulu woyanjana ndi amene afuna. Pakuti lamulo limene linamasula pakamwa pake silinamange makutu a anzake, ndipo palibe ndime imene imalamula mwini nyumba kusunga mlendo amene wadza kudzathyola mabenchi.

Asaganize munthu kuti ife Amang'anja, Alomwe ndi Ayao a dera lino ndife anthu osadziwa nthabwala. Kodi alipo wodziwa kunyoza koposa msuweni, amene angakuuzeni pamaso pa akazi anu kuti mutu wanu ngwaukulu, inu nkungoseka? Nanga adzukulu a ku manda, amene amaseketsa anamfedwa misozi isanaume? Koma chisuweni chili ndi malamulo ake amene sanalembedwe: wonyoza lero amadziwa kuti mawa adzanyozedwa, ndipo amalandira, amadziwa pamene nthabwala iyenera kulekera, ndipo mvula ikaononga denga la amene anamseka dzulo, iye ndiye woyamba kufika ndi udzu. Woputa dala watenga kunyoza kwa msuweni, nasiya ubale wake. Afuna kuponya yekha, ndipo akaponyedwa amathamangira kwa a mfumu kukasuma.

Komabe pali chenjezo kwa inu eni makanema, apampando a mabanki ndi onse amene muli ndi mphamvu yotseka chitseko, pakuti mphamvu imeneyo njotsekemera, ndipo woilawa amachedwa kuisiya. Wotsutsa ndi woputa si munthu mmodzi. Mayi amene afunsa pa msonkhano kuti buku la ndalama liwerengedwe pamaso pa onse, nakhala pansi kudikira yankho, ameneyo ndi mzati wa gulu, ngakhale funso lake liwawe. Koma amene afunsa za malata a msungichuma, nayamba kuseka yankho lisanabwere, ameneyo ndiye woyenera kuonetsedwa njira. Chizindikiro chake nchapafupi: woyambayo mukamuyankha bwino amakhutira, wachiwiriyo mukamuyankha bwino amakhumudwa, napita kukafuna funso lina.

Chilango chake chisakhale cha muyaya, pakuti makolo sanali kufulumira kupirikitsa munthu m'mudzi. Anali kumlipitsa nkhuku, napepesa pa bwalo, nkhani nithera pomwepo. Chotero mnzathuyu akhale kunja mpaka ligi ithe, amvere zigoli pa wailesi ali yekha pakhonde, pamene palibe womuyankha, pakuti kwa munthu wa mtundu wake palibe chilango choposa kusowa womukwiyira. Akadzabwera ndi nkhuku yake, ndi mtengo wa benchi, mumlandire. Koma asanakhale pansi atchule pamaso pa anthu onse timu imodzi imene adzafe nayo, kuti tsiku limene idzagonje nafenso tidzamfunse mafunso athu.