Pusi Wagwa Chagada, Laputopu Ili M'manja

Agogo anga aakazi anamwalira asanaonepo kompyuta, koma akanakhala moyo ndikanawalemba ntchito ya ulangizi pakampani pathu. Ndikasiya nsima yawo n'kuthamangira mbatata yakwa aneba, ankangopukusa mutu n'kunena kuti, "Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada." Sindinkadziwa kuti akulosera za kampani ya anthu atatu, yochita lendi kachipinda kuseri kwa shopu ya matayala ku Lilongwe, yolemba mapulogalamu a pakompyuta.

Ntchito yathu siyovuta kufotokoza. Tinalemba pulogalamu yosungira kaundula wa magulu a banki m'khonde: wasonkha ndani, wakongola zingati, wabweza liti, wathimitsa foni ndani. Tinailemba ndi PHP, chilankhulo chimene Rasmus Lerdorf anatulutsa mu 1995, mnyamata wathu wamng'ono muofesimu asanabadwe. Inkagwira ntchito. Inkatsekuka ngakhale netiweki itatsala kamzere kamodzi. Vuto linayambira pomwepo, chifukwa chinthu chongogwira ntchito mwakachetechete sichikupatsa nkhani yokacheza nayo kwa anzako Lachisanu madzulo.

Lolemba lina mnyamata uja anafika maso ali psuu, atachezera pa YouTube usiku wonse. "Achimwene, PHP ndi ya madala. Dziko lonse lili pa React." React inachokera ku Facebook mu 2013, ndipo ndiyokomadi, sindingainamizire. Tinadumphira nthambi imeneyo. Miyezi itatu inatha tikulembanso zomwe tinalemba kale. Tisanamalize, kunamveka kafungo ka chipatso china: akuti pulogalamu imodzi yaikulu n'chimidzimidzi, tiiduledule tizidutswa totchedwa microservices. Mbuzi zikachuluka pamafunika mbusa, ndiye tinatenga Kubernetes, imene Google inatulutsa mu 2014 kuti iziweta maseva mazanamazana. Ifeyo maseva tinali nawo awiri. Tinagula lole yoti izipititsa thumba limodzi la chimanga kuchigayo, ndipo tinkanyadira kulira kwa injini yake.

Ndimaona kuti pusi wa mumwambiwu anthu amamulakwira. Amamuyesa chitsiru, pomwe iye sananame ngakhale kamodzi. Suku linali lokoma, poza linali lokoma, nthudza nayonso inali yokoma. Chomwe sanawerengere ndi manja ake: kuti utole chatsopano, dzanja lina liyenera kusiya nthambi. Pakampani pathu manja alipo sikisi. Awiri amakhala akuimbira makasitomala omwe amayankha kuti "tikuonani kumapeto kwa mwezi," osatchula mwezi wake. Awiri amakhala akulimbana ndi inveta magetsi akathima. Awiri otsalawo ndi omwe tinkafuna kuti agwire nthambi zinayi nthawi imodzi.

Kugwa kwake kunabwera mu November 2023, kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa makwacha pafupifupi 1,180 kufika pa 1,700. Maseva athu anali pa cloud, kumtambo, ndipo mtambo umenewu subweretsa mvula ayi, umabweretsa bilu ya madola. Makasitomala athu amalipira makwacha. Tizidutswa tathu tija, kalikonse kanali ndi pakamwa pakepake. Ndinayang'ana biluyo, ndinayang'ana kudenga, ndipo ndinazindikira kuti munthu wogwa chagada ndi amene amaona bwino mtengo wonse umene wachokamo.

Sabata yomweyo ndinapita ku Kawale kukaonetsa pulogalamu yatsopanoyo kwa amayi ena, msungichuma wa gulu lomwe linayamba kutikhulupirira. Ndinawapeza pamkeka, pansi pa mtengo wa mango, kope la hadikava lili pamwendo, bolopeni yomangirira ulusi. Foni yawo ndi ya mabatani, yomangidwa ndi mphira kuti batire lisagwe, nambala 5 itafufutika chifukwa chodinidwa. Ndinatsekula laputopu ndi ulemu wonse. Pasikirini panabwera kachizungulire kaja, kuzungulira, kuzungulira. Nkhuku inadutsa. Kachizungulire kakuzungulirabe. Bandulo yanga ikuphwa ngati madzi a m'dengu.

"Mwana wanga," anatero amayiwo, "chikuzungulirachi chikufuna chiyani?"

"Chikukoka ma graph, amayi. Muziona mmene ndalama zikukwerera."

"Ndalama zikakwera ndimadziwa, chikwama chimalemera. Ine ndinakupemphani chinthu chimodzi. Munthu akatumiza pa Mpamba kapena pa Airtel Money, meseji indifike kuti uje wapereka, ndipo kaundula adzilembe yekha. Munachita?"

Tinali tisanachite. Miyezi isanu ndi itatu ya nthambi, chomwe anapempha chili pansi pa mtengo. Amayi amenewa amayendetsa ndalama za anthu makumi awiri podina *444# ndi *211#, njira ya USSD yosafuna bandulo, yosafuna foni yapamwamba, ndipo sanasochezepo kwacha imodzi.

Pobwerera mu minibasi ndinakumbuka nkhani ya WhatsApp. Pamene Facebook inkaigula mu 2014 pa mtengo wa madola 19 biliyoni, kampaniyo inali ndi antchito 55 okha, anthu oigwiritsa ntchito oposa 450 miliyoni, ndipo maseva ake ankayendera Erlang, chilankhulo chomwe chinayambira ku Ericsson mu 1986. Apusi amenewo anakhala panthambi yakale mpaka anadya mtengo wonse. Ife, okhala ndi makasitomala osakwana minibasi zitatu, tinkafuna zida za Google.

Tinabwerera ku PHP, mwamanyazi ngati mwamuna wobwerera kwa mkazi wamkulu. Seva imodzi, database imodzi ya PostgreSQL, ndi meseji ya amayi aja, yomwe inatitengera masabata awiri basi. Bilu inatsika. Pulogalamu inayambanso kutsekuka pa kamzere kamodzi.

Koma pusi ndi pusi. Chitulukireni ChatGPT mu November 2022, mnyamata wathu sagona tulo. Usiku wathawu, cha m'ma 11 koloko, wanditumizira uthenga: "Achimwene, tiike AI mu banki m'khonde, iziuziratu amayi amene athawe ndi ngongole." Ndinafuna kumuyankha kuti amayi aja amadziwa kale, amangoona mayendedwe a munthu pobwera kumsonkhano. Koma pansi pa uthengawo panali vidiyo ya mphindi khumi zokha. Ndinaionera yonse, ndi ina yotsatira, mpaka bandulo inatha.