Nyama yobisala mu girini pepa

Kumayadi kwabuka kadyedwe kena kamadzulo. Mlendo wasamba m'manja, wapinda malaya mpaka m'zigongono, akudikira mitanda ya nsima, koma chotera pa mbale yake ndi girini pepa mmodzi, woimirira njo, atavala kachipewa ka phesi lake. M'mimba mwake mwalongedwa minsi, mpunga, anyezi ndi tomato. Anthu amafulumira kuweruza kuti amenewa ndi matama a adona oonera mapulogalamu a zophikaphika pa DStv. Kutero n'kuwalakwira adonawo. Chakudyachi ndi luso la munthu amene malipiro amuthera mwezi usanafike pa 20, koma sakufuna kuti apongozi adziwe, ndipo luso lotere liyenera kulemekezedwa.

Umboni uli m'masamu a kukhitchini. Hafu kilo ya nyama ya nthuli ikafika pa tebulo la anthu asanu ndi mmodzi, aliyense amawerenga ndi maso pemphero lili m'kati. Bambo atenga yaikulu, mlendo yotsatira, ana agawana fupa ndi msuzi, ndipo umphawi wa banjalo waonekera poyera. Hafu kilo yomweyo ikagayidwa kubutchala, n'kukazingidwa ndi anyezi ndi adyo, n'kusakanizidwa ndi mpunga wa Kilombero wotsala dzulo, imadzaza magirini pepa asanu ndi mmodzi mpaka kukamwa. Wowerenga nthuli amasowa poyambira, pakuti nthuli palibe. Mayi wochenjera amaunjika nyama pamwamba, pomwe foloko imayambira. Pofika pansi mlendo amakhala akutafuna mpunga wokhawokha, koma wayamika kale, ndipo mawu oyamika sabwezedwa. Mwezi ukathina kwambiri, nyama ya soya imalowamo mwakachetechete popanda woifunsa chiphaso.

Nzeru imeneyi si yathu yokha. Ku Turkey chakudyachi amachitcha dolma, ku Greece gemista, ku Hungary töltött paprika, ndipo konseko mpunga ndiwo umakuza kanyama kochepa. Agiriki nthawi zambiri saikamo nyama n'komwe. N'chakudya cha pakhomo, cha nyengo imene tsabola wachuluka m'dimba. Chimene tauni yathu yawonjezerapo ndi maudindo a mitundu. Pepa wofiira ndi wobiriwira yemwe uja, wangosiyidwa kuti apse asanathyoledwe, koma poti m'golosale mtengo wake ndi wokwera, ndiye amene amatera pa mbale ya abwana a kuntchito. Wachikasu ndi wa akazi awo. Mlamu amene wabwera osauza anthu amalandira wobiriwira wa ku Lizulu, ndipo ngati ali ndi maso amadziwa pomwepo mpando wake m'banjamo.

Ena amati ichi n'chakudya chachilendo chofuna kutilanda chikhalidwe. Oyankhulawo amatero mtanda wa nsima uli m'manja, kuiwala kuti chimanga kwawo n'ku Mexico. Chimanga, tomato ndi tsabola zonse zidachokera ku America, ndipo zidafalikira m'maiko ena pa zombo za Asipanya ndi Apwitikizi chitadutsa chaka cha 1492. Kambuzi amene timamunyadira ndi mbale wake wa girini pepa. Kusiyana kwake n'kwakuti wina adasunga ukali, wina adausiya. Ngati tiyamba kupitikitsa alendo m'khitchini, tikonzeke kubwerera ku mapira ndi mawere. Enanso amati chakudyachi chimafuna uvuni wotentha madigiri 180 kwa mphindi 40, pamene magetsi amadziwa kuthima alendo akangogogoda. Apa vuto ndi manyazi chabe. Ku Hungary amangowiritsa m'poto mu msuzi wa tomato, ndipo mbaula yathu, makala pansi ndi ena pa chivindikiro monga tiphikira chigumu, imagwira ntchitoyo bwinobwino. Chofunika n'kuika mbaulayo kuseri kwa nyumba, kuti alendo azikhulupirirabe kuti zachokera mu uvuni.

Dandaulo lolemera ndi la amalume ochokera kumudzi, amene amatsiriza pepa wawo, n'kupukuta pakamwa, n'kunena mwaulemu kuti, "Ndiwozi zakoma ndithu, mayi. Nsima ibwere tsopano." Amalume sakulakwa, ndipo eni nyumba akudziwa, chifukwa galimoto ya alendo ikangotuluka pageti, m'khitchini mumamveka mthiko ukulimbana ndi poto pa 10 koloko usiku. Komatu mlandu umenewu si wa pepa. Ndi wa mwambo wa kumayadi woti kukhuta pamaso pa anthu n'kusaphunzira. Palibe lamulo loletsa kuika mitanda iwiri pambali pake, ndipo msuzi wa tomato umene pepayo waphikidwiramo umayenda ndi nsima popanda mkangano.

Otsiriza ndi aja onena kuti zonsezi n'chinyengo, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Chinyengo chilipodi, koma tifunse amene chamulanda kanthu. Mlendo wadya mwaulemu, mayi asunga mbiri ya banja, ndipo mwana wa Sitandade 3, amene moyo wake wonse amadziwa nyama kudzera mu msuzi, walandira gawo lofanana ndendende ndi la mutu wa banja. Woluza ndi mmodzi yekha: bambo, amene nthuli yawo yaikulu yagayidwa n'kumwazikira m'mbale za aliyense. N'chifukwa chake mukamva wina akudzudzula girini pepa wolongedwa minsi mokweza mawu, akutchula chikhalidwe ndi makolo, musavutike kumutsutsa. Mungomufunsa amene ankayamba kusankha nyama kunyumba kwake.