Kodi kiyibodi nayonso imakondera?

Ndili ndi mafunso, ndipo odziwa za makompyuta asandiseke, paja safunsa anadya phula.

Mu kompyuta ya Windows muli kiyibodi ina yosakhudzika ndi manja. Ukadina Ctrl, batani la Windows ndi O nthawi imodzi, imatulukira pa sikirini, zilembo zili m'mizere monga zimakhalira pa kiyibodi yeniyeni, ndipo umalemba poloza chilembo ndi kamuvi ka mausi. Funso loyamba n'laling'ono: munthu amene zala zikumukanika, mabatani atatu nthawi imodzi awadina ndi chiyani? Koma limenelo tilisiye, poti mphwanga anandiikira kachizindikiro kake m'munsi mwa sikirini, ndimangoloza pamenepo.

Ndimalemba ndi kiyibodi imeneyi chifukwa nyamakazi inandipinda zala. Choko ndinasiya kalekale, koma anzanga a banki m'khonde kuno ku Lizulu anati mphunzitsi sapuma, ulembi n'kundisenzetsa ine. Mausi ndimaikankha ndi chikhatho. Kudina sindidina. Mphwangayo, mwana wamkazi wa mchemwali wanga amene amagwira ntchito za makompyuta ku Blantyre, anaitchera kuti kamuvi kakangoima pa chilembo kwa sekondi imodzi, chilembocho chizilembeka chokha. Tsono tawerengani nokha. Liwu loti chiwongoladzanja lili ndi zilembo 16. Amenewo ndi masekondi 16, osawerengera ulendo wa kamuvi kuchokera pa w kukafika pa o, osawerengeranso kufufuta pamene dzanja lanjenjemera n'kukaima pa chilembo choyandikana nacho. Ndipo pa banki m'khonde liwu limeneli silisowa pa tsamba lililonse.

N'chifukwa chake kamzere ka pamwamba pa kiyibodiyo ndimakakonda. Ndikamalemba kalata ya Chingerezi yopita ku ofesi, ndikangoika zilembo zitatu, pamwambapo pamatuluka mawu angapo oyamba ndi zilembo zomwezo, ine n'kungoloza limene ndikufuna. Ndikalemba com, mawu oyamba choncho aja andandalika, langa n'kulitola. Kwa wa zala khumi zabwinobwino zimenezi n'zongokometsera. Kwa ine zimatanthauza kumaliza kalata batire lisanathe.

Ndiye bungwe lina lothandiza magulu a alimi linatipatsa pa fulashi pulogalamu yolembamo masheya ndi ngongole. Yokongola ndithu, mabokosi ake ooneka bwino. Ndikaitsegula, kiyibodi ija imalemba zilembo monga mwa nthawi zonse, koma kamzere ka pamwamba kamangoti zii. Ndikabwerera mu Notepad, mawu aja abwerera. Ndikapitanso uko, zii.

Kompyuta ndi imodzi, kiyibodi ndi imodzi, dzanja n'lomweli. Nanga chasintha n'chiyani? Pano pa Lizulu ukawoloka msewu wa M1 umakhala uli ku Mozambique, koma wogulitsa kachewere wa tsidya ilo ukamupatsa moni amakuyankha bwinobwino. Kompyuta yanga ndiye ayi. Ndikangowoloka kuchoka pa pulogalamu iyi kupita pa inzake, sindidziwikanso.

Kompyutayo ndinainyamula kupita nayo pa boma ku Ntcheu, kwa mnyamata wina wokonza mafoni ndi malaputopu. Ndisanamalize kufotokoza, iye anali atapeza kale yankho.

"Bambo, ingogulani kiyibodi ya USB. N'zotchipa zimenezi."

Ndinamuonetsa manja. Anati pepani, n'kundikokera mpando, ndipo kuyambira pamenepo anagwira ntchito mofatsa, ine ndikuonerera. Pa kiyibodi ya pa sikiriniyo pali batani lolembedwa Options. Analitsegula, n'kuona ngati pa Use Text Prediction pali chongi. Panali pochongedwa. Anayang'ana pakona ya kumanja m'munsi, pafupi ndi wotchi, pamene pamalembedwa chilankhulo chimene kompyuta ikuyembekezera. Panali ENG. Anazimitsa kompyuta n'kuiyatsanso, mankhwala amene ndaona kuti amaperekedwa pa nthenda iliyonse. Kenako anandiuza chinthu chimene chinandiimitsa mutu: mu Windows makiyibodi a pa sikirini alimo awiri. Ina ndi iyi yanga, yothandizira amene manja akuwavuta. Ina ndi ya makompyuta amene sikirini yake umaikhudza ndi chala. Iliyonse ili ndi potchera pakepake, moti ukhoza kuchonga kwa ina tsiku lonse pamene ukugwiritsa ntchito inzake.

Ziwiri bwanji? Anati anazipeza choncho.

Pomaliza anatsegula Notepad, n'kulemba zilembo zitatu, mawu n'kutuluka.

"Mwaona, bambo? Ngati muno ikulosera, kiyibodi ilibe mlandu. Mlandu ndi wa pulogalamu yanuyo."

"Nanga pulogalamuyo ikanakhala kuti siikumvana ndi kiyibodi, zilembo ikanazilandira bwanji, achimwene? Poti ndikaloza a, ikulemba a."

Anakanda m'mutu. Anati funso limenelo ndikafunse amene anapita nazo patali, ndipo sanandilipiritse kanthu.

Madzulo ndinaimbira mphwanga.

"Malume, kutumiza chilembo ndi ntchito ina, kulosera liwu ndi ntchito inanso. Kutumiza n'kosavuta. Kiyibodi imangouza Windows kuti batani lakuti ladinidwa, Windows n'kupereka uthengawo kwa pulogalamu imene ili patsogolo. Pulogalamu iliyonse imamva zimenezo. Koma kuti ilosere, kiyibodi iyenera kudziwa kuti muli m'bokosi lolembamo mawu, ndiponso zimene mwalemba kale m'bokosimo. Zimenezo siizionera yokha, imachita kufunsa kwa pulogalamuyo. Mu Windows muli njira yofunsirana, dzina lake Text Services Framework. Opanga mapulogalamu ena anailumikiza bwino. Ena, makamaka a mapulogalamu akale kapena amene amadzijambulira okha mabokosi, sanaiganizire n'komwe."

"Kudzijambulira bwanji, iwe? Bokosi ndikuliona ndi maso angawa."

"Inuyo mukuona bokosi, malume. Kiyibodi siikuona kanthu. Kwa iyo pamenepo pali chithunzi chabe."

Apa ndiye ndinadabwa zenizeni. Kiyibodi ili pa sikirini yomweyo, masentimita ochepa kuchokera pa zimene yalemba yokha, koma siingaziwerenge pokhapokha mwini bokosi atalola. Ndinafunsa ngati tingathawe vutoli pochotsa Windows n'kuikamo Ubuntu, amene ndimamva achinyamata akumutama kuti ngwaulere. Anaseka. Anati kumenekonso nkhani ndi yomweyo. Kuli kiyibodi ya pa sikirini yotchedwa Onboard, imene polosera imadalira njira ina, AT-SPI, ndipo njirayo ikakhala yozimitsa, kapena pulogalamu ikapanda kulumikizidwa nayo, Onboard imangolemba zilembo osalosera. Anawonjezera kuti njira imeneyo ndi yomwenso imagwiritsidwa ntchito ndi Orca, pulogalamu yowerengera anthu osaona zimene zili pa sikirini.

Ndiye kuti pulogalamu imene ikundibisira ine bokosi lake, kawirikawiri imabisiranso munthu wosaona? Anati nthawi zambiri zimayendera limodzi. Tsono funso langa ndi ili. Dziko lathu linakhazikitsa lamulo loteteza anthu aulumali mu 2012, ndipo masiku ano maofesi ndi masukulu ambiri atsopano amawamangira potsetsereka pakhomo kuti wa pa njinga ya olumala alowe. Zimenezo zimaoneka, ndipo zikasowa aliyense amaloza. Nanga amene amagula kapena kupangitsa mapulogalamu oti agawire magulu a kumudzi, alipo amene amawafunsa ngati anayesapo kulembamo popanda zala? Kuyesako sikufuna ndalama. Ndi mabatani atatu aja basi, n'kuona ngati kamzere ka pamwamba kakutulutsa mawu.

Mphwanga anandichenjezanso kuti si kukhala chete konse kumene kuli vuto. M'bokosi la pasiwedi kiyibodi siyenera kulosera, kuopa kuti ingaloweze chinsinsi chako n'kuchionetsa kwa wina amene wakhala pampando pambuyo pako. Izi ndinazimvetsa msanga. Koma ndiye kuti pali chete wadala ndi chete wa kuiwalidwa. Ine wa ku Lizulu ndiwasiyanitsa bwanji, poti onse amangoti zii? Kodi kamzere kaja sikangalembe mawu awiri okha ondiuza kuti pano sindikuona, kusiyana n'kundisiya ndikuganiza kuti ndawononga chinachake?

Njira yolambalala anandipatsa. Mawu aatali ndiziwalemba mu Notepad momwe kulosera kukugwira, kenako ndiwasankhe, ndiloze Ctrl ndi C, ndipite m'bokosi la pulogalamu ija, ndiloze Ctrl ndi V. Chosangalatsa n'chakuti pa kiyibodi ya pa sikirini Ctrl ukamuloza amakhala wodinika kudikira chilembo chotsatira, ndiye sipafunika zala ziwiri. Zimatheka ndithu. Koma pa mamembala ambiri, aliyense ndi bokosi lake la ndemanga, kupita ndi kubwerako kumadya nthawi yonse imene kulosera kunapulumutsa.

Ndipo zonsezi ndi za Chingerezi chokha. Ndikayamba kulemba maminitsi a msonkhano m'Chichewa, ngakhale mu Notepad momwemo, kamzere kaja kamalosera za kwina. Ndikalemba ndi, mawu amene ndikuwafuna sabwera. Windows 7 itatuluka mu 2009, kulosera kwa kiyibodi imeneyi kunali m'zilankhulo zisanu: Chingerezi, Chifalansa, Chitaliyana, Chijeremani ndi Chisipanishi. Ngakhale Chipwitikizi cha anzathu a tsidya la msewu sichinali pa mndandandawo, ndiye sindinadzimve kuti ndasalidwa ndekha. Koma foni ya mayi a kunyumba kwanga, yaing'ono kuposa chikhatho, imalosera Chichewa. Makiyibodi a pa foni monga Gboard ndi SwiftKey ali nacho Chichewa pa mndandanda wa zilankhulo zawo, ndipo Google Translate inachilandira mu December 2014. Kodi chachikulu chingalephere bwanji zimene chaching'ono chikutha?

Mphwanga anati makinawa salosera ndi nzeru, amalosera ndi chiwerengero. Amadyetsedwa zolembedwa zambirimbiri, n'kuwerenga kuti pambuyo pa liwu ili kawirikawiri pamabwera liti. Chingerezi cholembedwa chilipo chosawerengeka, Chichewa n'chochepa. Chinanso, anati, Chichewa chimalumikiza zambiri m'liwu limodzi. Apa mphunzitsi wakale amene ali mwa ine anadzuka, poti izi ndinaphunzitsapo. Tengani kubweza. Ndabweza, sanabweze, adzabweza, akadzabweza, ndidzakubwezerani, sitinabwezeredwe. Kwa ife ndi mawu a banja limodzi. Kwa makina owerenga, lililonse ndi mlendo payekha, ndipo ukalemba ndi, mawu amene angatsatire alipo mazanamazana. Kuwonjezera apo, ifenso sitilemba mofanana. Wina alemba chiwongoladzanja, wina chiongoladzanja. Wina m'mudzi, wina mmudzi. Wina Malawi, wina Malaŵi ndi kadenga kake, kamene pa kiyibodi ya Chingerezi wamba palibe, koma ukasankha ya United Kingdom Extended umakapeza, chifukwa anthu a ku Wales nawonso ali ndi chilembo chimenechi. Pa WhatsApp ndiye musanene, zikomo anasanduka zkm. Makina aphunzire ziti?

Komabe foni ija ikutha, ndiye kuvuta kwa chilankhulo si yankho lonse.

Chimene chikundizunguza kwambiri ndi mbiri ya luso limeneli. Amene tinagwirako Nokia 3310 tikukumbukira T9, ija inkatisinthira mawu tikamalemba uthenga. Inapangidwa ndi kampani ya Tegic ku Seattle m'zaka za m'ma 1990, ndipo Martin King ndi Cliff Kushler, amene anali pakati pa oiyambitsa, poyamba ankafunafuna njira yoti anthu aulumali azilankhulira kudzera pa makina. Wasayansi wa ku Cambridge, Stephen Hawking, amene anamwalira mu 2018, ankalemba pogwedeza mnofu wa patsaya. Mu 2014 kampani ya Intel inamukonzera pulogalamu yatsopano yokhala ndi kulosera kwa SwiftKey, kophunzitsidwa ndi zolemba zake zomwe, kuti asamavutike ndi chilembo chilichonse. Ndiye kuti chinthuchi chinayambira kwa anthu onga ine. Zinatheka bwanji kuti lero chizigwira bwino kwambiri m'manja mwa mnyamata wa zala zathanzi amene akucheza ndi chibwenzi, koma n'kumakanika patebulo la munthu amene popanda icho sangamalize tsamba? Sindikuchitira nsanje mnyamatayo. Ndikungofunsa kuti njira inakhotera pati.

Mphwanga anati ndiyese kulemba maminitsi pa foni ya mayi aja, n'kumadzitumizira pa kompyuta. Timabatani take n'tating'ono kwa zala zanga, ndiye timagawana ntchito: ine ndimanena, iwo amalemba. Zikuyenda, ndipo foniyo ikuphunzira msanga kuposa ana ena amene ndinawaphunzitsa. Masheya ikuwadziwa, chiwongoladzanja imachitulutsa akangolemba chiw.

Koma sabata yatha mayiwo anandiitana kuti ndidzaone. Akalemba sanabweze, foni payokha ikutulutsa dzina la alamu anga, poti ndi limene lakhala likutsatira liwu limenelo mwezi ndi mwezi. Mphwanga akuti ndi zosavuta, angodinikiza dzinalo osachotsa chala, kenako alikokere pa kabini kamene katuluke, foni iliiwala. Tachita zimenezo. Koma msonkhano wina uli Loweruka, alamuwo sanabwezebe, ndipo ndi iwo amene amabwereka foni imeneyi madzulo kuti aimbire ana awo ku Johannesburg. Kodi tizifufuta sabata iliyonse, kapena pali potchera poti foni iziphunzira mawu onse kupatula maina a angongole?