Bwana wopanda lisiti

Kuno kwa Nchilamwela ukadzuka m'mawa n'kutsegula chitseko, choyamba kuona ndi tiyi. Ukatembenuka kuti uyasamule, ndi tiyi. Ukakwera pachulu kusaka netiweki, phiri la Thyolo ilo, pansi pake tiyi yekhayekha ngati wina anayala mkeka wobiriwira n'kuiwala kupinda. Esiteti ya Satemwa inayamba mu 1923, agogo anga asanamere mano, ndipo Conforzi, Makandi ndi Naming'omba ndi maina omwe mwana wa kuno amawadziwa asanadziwe dzina la ahedi a pasukulu pake. Ndiye tandiuzani, abale anga, munthu wamutu wake angayambe geni yanji m'dziko lotere? Ine mnzanu ndinayamba kugulitsa tiyi wochokera kunja. Wochepetsa thupi.

Musaseke msanga, nkhani ikadali kutali.

Zinayamba mu 2023 pomwe ndinakumana ndi mnzanga wa kupulayimale pa Boma, atavala suti Lachiwiri masana popanda ukwati kapena maliro. Nthawi imeneyo n'kuti ine ndikugwira ya sizoni pa esiteti ina, kuthandiza pasikelo poyeza masamba, ntchito yomwe imabwera ndi mvula n'kupita ndi mvula. Mnzangayo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku majombo anga, nati: "Achimwene, mudzawerengera anthu ena makilo mpaka liti?" Loweruka lake ndinali mu holo ina ku Limbe, ndikuomba m'manja pamodzi ndi anthu ena osawadziwa.

Kutsogolo kunali bambo wina wonunkhira bwino, maikolofoni kumanja, choko kumanzere. Anajambula kabwalo pabolodi nati ameneyu ndi inu. Pansi pake anajambula tiwiri, pansi pa tiwirito tinayi, mpaka bolodi linadzaza ngati mazira a chule. "Inu mungobweretsa awiri, awiriwo abweretsa awiri awo, inu n'kumagona ndalama zikulowa." Ndikanakhala kuti masamu sanandithawe ku fomu 2, ndikanaona kuti pofika mzere wa 20 pamafunika anthu oposa miliyoni imodzi, chikhalirecho Thyolo yense pa kalembera wa 2018 tinalipo 700,000 ndi kanthu pamwamba, kuwerengera makanda ndi apongozi anga omwe. Koma tsiku limenelo khutu langa linangotola mawu amodzi: udzakhala bwana wa iwe wekha.

Mpamba wolowera unachokera m'khola. Mbuziyo inali ya akunyumba, ndipo poti kuno ndine mkamwini, zokambirana zake zinatenga masiku atatu ndi malonjezo a malata. Ndinabwera nalo katoni la katundu: tiyi uja, sopo, mafuta odzola ndi mankhwala otsukira mano omwe akuti amagwiranso ntchito zina zisanu ndi ziwiri. Anandipatsanso kabaji kolembedwa Independent Consultant. Ndinakapachika pachifuwa ngakhale popita kuchigayo.

Kasitomala wanga woyamba anali azakhali, omwe akhala akutchola tiyi kuyambira nthawi ya Kamuzu. Ndinawafotokozera bwinobwino monga anatiphunzitsira, kuti tiyi ameneyu amasungunula mafuta m'thupi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anakweza dzanja lawo kundionetsa. "Mwanangu, ine ndimalowa mumzere 6 koloko dengu kumsana, chiperoni chikundimenya. Mafuta akewo uwasungunule pati? Ulibe wonenepetsa?" Anagula sopo mmodzi, pangongole, kuti adzapereka ya fotinaiti ikatuluka. Mafotinaiti atuluka angati kuchokera tsikulo, Mulungu yekha ndiye akuwerenga.

Komabe ndinalimbikira. Ndinayenda m'masukulu, m'zipatala, pa Bvumbwe, pa Thunga, ku Luchenza, kusaka anthu amimba zawo omwe amalandira pakutha pa mwezi. Ndipo mwezi wina mu 2024 dzina langa linatuluka pa gulu lathu la WhatsApp: komishoni K60,000. Tizithunzi ta manja oomba tinagwa ngati matalala. Usiku umenewo ndalamayo ndinaigawa ndili chigonere: chitenje cha akunyumba, nyama ya ng'ombe kilo imodzi, fizi ya mwana, lata limodzi loyambira. Ndinauzanso apongozi kuti asavutike kusinja kalongonda Lamlungu, ndiwo zibwera.

Foni inalira Lachisanu. K48,000.

Ndinaizimitsa, n'kuiyatsanso. K48,000. Ndinakwera pachulu paja poganiza kuti mwina K12,000 inayo yakodwa m'mitengo ya bulugama chifukwa cha netiweki. Kenaka ndinaimbira amene anandilowetsa uja, yemwe pa chikhalidwe chathu chatsopano timamutcha Upline. Anayankha mosatekeseka: "Aaa, imeneyo ndi withholding tax, achimwene." Ine kumva koyamba ndinayesa ndi dzina la mzungu wina wa ku ofesi yathu, ndipo ndinafunsa kuti bwana Withholding-yo ndingamupeze kuti, tikambirane ngati amuna. Foni inaduka. Mayunitsi anga ndi omwe anatha.

Safunsa anadya phula, ndiye ndinapita kwa alamu anga, omwe ndi kalaliki wa malipiro pa esiteti yomwe ija ndipo amayenda ndi mabolopeni atatu m'thumba la malaya. Anandikhazika pakhonde, navula magalasi, nawapukuta pang'onopang'ono monga amachitira anthu omwe akudziwa kuti akuposa.

"Alamu, palibe wakuberani. Lamulo la msonkho limati aliyense wolipira mnzake komishoni ayambe wadula K20 pa K100 iliyonse, n'kuitumiza ku MRA. Kampani yanuyo ikapanda kudula, mlandu ndi wake."

Anandifotokozera kuti bungwe lotolera misonkholi linayamba ntchito m'chaka cha 2000, ndipo likulu lake lili ku Blantyre m'nyumba yotchedwa Msonkho House, dzina losabisa mawu, losafuna womasulira. Ndinati chabwino, koma ine ndi bwana wa ine ndekha, wondidula ndi ndani? Alamu anaseka mpaka bolopeni imodzi inagwa. Anati muli pasikelo paja, za msonkho zonse ndinkakuganizirani ndine, ndipo simunkadulidwa kanthu chifukwa malipiro anu sankafika pamlingo. Mu 2024 boma linakweza ndalama yosadulidwa msonkho wa PAYE kuchoka pa K100,000 kufika pa K150,000 pamwezi. Ndiye kuti wantchito wolandira K60,000 amapita nayo kwawo yathunthu msonkho osaikhudza, koma bwana wa komishoni ya K60,000 amayamba waperekeza K12,000. Ubwana ndi umenewo.

Pobwerera ndinakumbukira agogo anga aamuna, omwe makolo awo anachokera ku Mozambique kudzakhala m'minda ya azungu kuno. Ankatisimbira za msonkho wa nyumba ndi thangata, kugwira ntchito pa esiteti kuti usathamangitsidwe pamalo, komanso za msonkho wa mutu womwe unadzatha m'zaka zomwe matipate ankabwera. Iwo ankati mesenjala akaonekera kumsewu, amuna onse ankalowa m'nthochi mpaka dzuwa litapendeka. Masiku amenewo msonkho unali ndi miyendo ndi chipewa, unkatha kuuona ukubwera. Wangawu unafika pa ndalama yanga ine mwini wake ndisanafikepo. Ndipo ngakhale ndikanafuna kuthawa, nthochi zake ziti? Matenda a chisaka anatimaliza nthochi za Thyolo zomwe zinkadyetsa Blantyre ndi Lilongwe. Munthu ungabisale mu tiyi wofika m'chiuno?

Koma alamu anali asanamalize, ndipo mawa lake anabwera okha ndi uthenga wokoma. Anati ndalama yodulidwayo sinapite ulendo wosabwerera, ili ngati chikole. Ukakhala ndi nambala yako ya msonkho, TPIN, kampani imakupatsa satifiketi yosonyeza zomwe inadula. Chaka chikatha umalemba fomu: ndapeza zakuti, ndaononga zakuti poyendetsa geni, phindu langa ndi lakuti. Msonkho umawerengedwa pa phindulo, ndipo ngati anakudula zopitirira, uli ndi ufulu woitanitsa zotsalazo. Anandikumbutsanso kuti kuyambira mu 2022 chaka cha boma cha ndalama chimayamba pa 1 April n'kutha pa 31 March, ndisamadikire Khirisimasi.

Mawu oti "zomwe waononga" anandilowa ngati thobwa lozizira. Pa nkhani yoononga ndalama, kuno kwa Nchilamwela palibe angandiphunzitse. Ndinatenga kope la mwana n'kuyamba kulemba. Minibasi ya ku Limbe kukatenga katundu, kawiri pamwezi. Kabaza wolowa m'malaini a pa esiteti. Bandulo ya WhatsApp. Mayunitsi oimbira angongole omwe sayankha. Chiphaso cha mumsika. Ndalama yodula potapa kwa ejenti. Katundu yemwe ndimayenera kugula mwezi uliwonse kuti dzina langa lisafufutidwe pa mazira a chule paja. Alamu ankangogwedeza mutu. Nditaona kuti zikuyenda, ndinaonjezera suti ya pa kaunjika.

"Suti ayi. Mumapita nayonso kutchalitchi."

"Nanga tambala yemwe tinaphera a Upline atabwera kudzatilimbikitsa?"

"Munadya nawo, alamu. Ndinalipo. Chiwindi munatenga ndinu."

"Nanga mbuzi?"

Apa akunyumba, omwe ankapeta mphale chapatali ngati sakumva, anaimitsa lichero. "Mbuzi ilembeni, achimwene. Ilembeni ndi bolopeni yofiira."

Kenaka alamu anatambasula dzanja nati: "Malisiti." Ndinati malisiti a chiyani? Anati a zonse mwalembazi. Ku msonkho pakamwa sipagwira ntchito, umboni ndi pepala.

Abale, munayesapo kupempha lisiti kwa wakabaza? Ine ndinayesa. Mnyamatayo anazimitsa njinga, navula chipewa, nandifunsa ngati ndili bwinobwino. Kondakitala wa minibasi yekha anati lisiti lake ndi loti ndafika wamoyo. Malisiti enieni omwe ndinali nawo anali a katundu, aja otuluka m'timakina ta EFD, olembedwa ndi VAT yake ya nthawi imeneyo ya 16.5 peresenti pansi, msonkho wina womwe ndinakhala ndikulipira chaka chonse osaupatsa moni. Ndinathamangira m'nyumba kukawafuna. Atatu ndinawapeza m'thumba la suti ija, atayera mbee ngati sanalembedwepo, poti inki ya timapepala timeneti imathawa thukuta ndi dzuwa. Awiri mwana anapangira ndege. Otsalawo akunyumba anandiuza mosapsatira kuti amayatsa mbaula bwino kwambiri, kuposa mapepala a mayeso.

Usiku umenewo akunyumba anatsitsa kalendala ya kutchalitchi, naitembenuza, nandiitana. "Bambo a mwana, tabwerani tiwerengere limodzi, poti inu ndinu bwana." Kumbuyo kwa kalendalayo kunali zonse, tsiku ndi tsiku, kuyambira tsiku lomwe mbuzi inatuluka m'khola. Mayi ameneyu ndi mlembi wa banki m'khonde, ndipo K50 ya mnzake saiiwala ngakhale papite zaka. Anali atalembanso za November 2023, pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Katundu wathu poti ngwochokera kunja, mtengo wopikulira unalumpha sabata yomweyo, koma angongole anga anatsala pa mtengo wakale, womwenso sanapereke. Ataphatikiza zolowa ndi zotuluka, anajambula mzere n'kulemba nambala yokhala ndi kamzere kutsogolo kwake. Ngakhale ine wa fomu 2 kamzere kameneko ndimakadziwa.

Ndinapita nayo kalendala kwa alamu. Anaiwerenga mwaulemu kuposa momwe anawerengera kope langa, nati buku lenileni la geni ndi limeneli, wolemba wake ndiye akanayenera kuvala baji. Kenaka anandigwira paphewa. "Nkhani yabwino ndi iyi, alamu: msonkho wa phindu amakhoma ndi amene wapeza phindu. Inu ndinu mfulu." Sindinadziwe ngati ndivine tchopa kapena ndikagone. Chaka chathunthu ndikuyenda wapansi ndi katoni pamutu, chomwe ndinapata ndi ufulu woitanitsa K12,000 yanga yomwe, ndikapeza mapepala ake.

Za anthu awiri aja oti andibweretsere awiri awo, ndinapeza mmodzi, mphwanga. Anakhala mwezi umodzi, nagulitsa katoni lake lonse pa theka la mtengo, napeza thiransipoti ya ku Joni. Pa mazira onse aja a pabolodi, ndi iye yekha amene anaswa. Apongozi nditawapempha kuti alowe, anandifunsa za nyama ya Lamlungu lija.

Pano TPIN ndili nayo, ndinakalembetsa ndi chiphaso changa cha unzika, ndipo nambala yake ndinailoweza kuposa tsiku la ukwati wathu. Satifiketi ya zodulidwa ndimaiitanitsa nthawi yomweyo komishoni ikatuluka, zomwe sizichitika kawirikawiri moti n'kunditopetsa. Malisiti ndimawajambula pafoni asanayere, kenaka amalowa m'chitini cha mkaka chomwe chimakhala pamwamba, kutali ndi mbaula. Maulendo a kabaza ndimalemba m'kope, tsiku, kochokera ndi kopita, ndipo mnyamata uja amasainira akuseka. Chitinicho chadzaza. Chikwama ndiye chikadali ndi malo ambiri.

Inu nonse amene munatenga sopo, mafuta ndi tiyi pangongole, kuyambira m'malaini a pa esiteti mpaka pa Bvumbwe, maina anu ali kumbuyo kwa kalendala, ndipo odzatolera ulendo uno si ine, ndi akunyumba. Pansi pa bedi patsala mabokosi 14 a tiyi wochepetsa thupi, ntchito yake ikutha mu June. Amagwira ntchito ndithu: ine chiyambireni geniyi lamba ndaboola kawiri, osamwako ndi kapu imodzi yomwe. Ofuna mundipeza pa Boma Loweruka, pafupi ndi ogulitsa makaka, ndavala baji. Lisiti ndikupatsani.