Nyanga ya Nsatsi ya Masiku Ano Sifota

Mwambi wakuti mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere m'manja, unali njira ya makolo yothetsera makani a mwana popanda mkwapulo. Thunthu la nsatsi ndi lofewa, lamphako mkati, ndipo chosemedwa kuchokera pamenepo sichikhalitsa. Wamkulu ankadziwa zimenezi koma mwana ayi, choncho m'malo mokangana mpaka dzuwa kulowa, wamkulu ankangotenga mpeni. Kukacha, nyanga yafota, mwana waphunzira, ndipo palibe tambala imene yatayika. Nzeru yonseyi inkadalira zinthu ziwiri: choliriridwacho chiwonongeke msanga, ndipo wosema akhale kholo.

Pankhani ya chakudya zonse ziwiri zinasokonekera. Nyanga imene mwana wa ku Ndirande kapena ku Area 25 amalirira lero imabwera m'kapepala konyezimira, wosema wake ndi fakitale, ndipo deti loti idzawonongeke lili miyezi yambiri kutsogolo. Majigisi, mabisiketi ndi maswiti safota. Chimene chimafota ndi mano a mwana ndi thumba la bambo, koma pang'onopang'ono kwambiri moti mwiniwake wa manowo saona kugwirizana kwake. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti shuga wothira m'zakudya ndi m'zakumwa asafike magawo 10 pa 100 alionse a mphamvu zimene munthu amapeza m'chakudya pa tsiku. Botolo limodzi la kola la mamililita 300 limakhala ndi shuga wokwana timasupuni ta tiyi pafupifupi 8. Kwa kamwana ka zaka zinayi, botolo limeneli latsala pang'ono kumaliza gawo la tsiku lonse, tiyi wam'mawa asanawerengedwe.

Kukana zakudya zachilendo kumakula mwana akafika zaka ziwiri, ndipo kawirikawiri kumazilala akamakwanitsa zisanu ndi chimodzi. Si ufiti. Mwana amabadwa wokonda zotsekemera ndi wokayikira zowawa, ndipo luni kapena mpiru zilibe mwayi pamaso pa woweruza wotere. Luso la ana pozemba masamba ndi lalikulu. Alipo amene amazula khungu la tomato lililonse n'kuliyala m'mphepete mwa mbale. Wina amasunga mbamu m'tsaya kwa theka la ola, akuyang'ana amayi ake ndi maso aulemu. Wochenjera kwambiri amaponyera galu pansi pa tebulo, koma njira imeneyi imaululika msanga, pakuti galu naye sadya bonongwe.

Munthu amene anayesa mwambi wa nsatsi mwasayansi, ngakhale sanaumvepo, ndi Clara Davis, dokotala wa ana wa ku America. Iye ankaika zakudya zosiyanasiyana pamaso pa makanda ongosiya kumene kuyamwa, anamwino atauzidwa kuti asanyengerere kapena kuletsa. Lipoti loyamba linatuluka mu 1928, ndipo mu 1939 anafotokoza zotsatira za ana 15. Ena ankasankha zodabwitsa, monga chiwindi ndi madzi a malalanje m'mawa, koma onse anakula athanzi. Makolo otopa amakonda nkhaniyi chifukwa imamveka ngati chilolezo chosiya mwana adye zimene akufuna. Amaiwala kuti pa zakudya zoposa 30 zimene Davis ankapereka panalibe switi kapena bisiketi wotsekemera. Zonse zinali nyama, nsomba, mazira, mkaka, zipatso, masamba ndi mbewu zophikidwa mosathira shuga. Mpeni unali m'manja mwa dokotala.

Katswiri wina wa kadyedwe, Ellyn Satter, anagawa ntchito motere: kholo lisankhe chakudya, nthawi ndi malo, mwana asankhe ngati adye ndiponso kuchuluka kwake. Kafukufuku wasonyezanso kuti mwana angafunike kulawa chakudya chatsopano maulendo 10 kapena kuposerapo asanachivomere, pamene makolo ambiri amagonja pa ulendo wachitatu n'kutuma wantchito kukagula soseji. Ziphuphu nazo sizithandiza. Mawu akuti "ukamaliza nkhwani ndikugulira yogati" amaphunzitsa mwana kuti nkhwani ndi chilango ndipo yogati ndi malipiro. Wofufuza wina, Leann Birch, anapeza mu 1980 kuti ana a sukulu yamkaka amayamba kusankha ndiwo zimene ankazikana akakhala pakati pa anzawo ozikonda. Agogo akumudzi anadziwa zimenezi kalekale. Mwana amene m'tauni amafunika kuthamangitsidwa ndi supuni, akakhala pamphasa ndi asuweni asanu mozungulira mbale imodzi ya therere, amazindikira m'mphindi ziwiri kuti wochedwa kuganiza agona ndi njala.

A zaumoyo m'Malawi amaphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, za mtundu wa nyemba, zochokera ku nyama, ndiwo zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Mwana wosankha amawadziwa onse pamtima chifukwa amabwera pamayeso. Pambale amavomereza awiri, mbatatesi ndi mafuta okazingira.

Apa ndi pamene makolo ena amaganiza za ulendo, poyembekeza kuti mwana akaona kumene chakudya chimachokera adzachikonda. Dziko lili ndi zokwanira. Karonga ali ndi mpunga wa kilombero wonunkhira ndi mbalagha wa nthochi zophika ndi nyama. Nkhata Bay ali ndi kondowole, amene amafuna dzanja lodziwa. Ku Mulanje kuli nanazi, pa phiri la Zomba anyamata amagulitsa masitiroberi m'mbali mwa msewu, ndipo pa Lizulu, pamsewu wa M1, galimoto ikangoima mazenera onse amadzaza ndi kabichi, karoti ndi kachewere. Banja limanyamuka m'bandakucha, n'kuyenda maola ambiri kupita ku Mangochi kukadya chambo chongovuulidwa kumene. Woperekera zakudya amabwera ndi kabuku kake, bambo amaitanitsa chambo chowotcha mwaulemerero, ndipo mwana amati, "Adadi, ine chipisi ndi soseji." Chipisi chake n'chimodzimodzi ndi cha pachiwaya cha kuseri kwa nyumba, kungoti mtengo wake wakwera kangapo, osawerengera petulo.

Komabe ulendo suli wachabe, kungoti umagwira ntchito mwa njira imene kholo silinakonze. Mwana amene wasambira m'nyanja tsiku lonse amamva njala yeniyeni, ndipo golosale ili kutali. Akaona ana a asodzi akutafuna usipa wowamba, amapempha kulawa. Akathyola yekha masuku kapena kuswa yekha dambe, amadya chifukwa ndi zake. Chimene chimalepheretsa zonsezi ndi chikwama cha amayi, chimene chimanyamuka kunyumba chitadzaza mabisiketi "oti mwana asavutike panjira."

Mabuku a kadyedwe sanena zambiri za wosankha wamkulu m'nyumbamo. Bambo amene amakalipira mwana chifukwa cha chisoso ndi yemweyo amene amakankhira masamba kumbali akaona nyama. Akapita ku msonkhano ku hotela, amadya mpunga, nkhuku, saladi ndi keke, n'kufika kunyumba usiku akunena kuti sanadye chifukwa kunalibe nsima. Amalawi okhala ku Johannesburg amalandira matumba a ufa woyera, usipa ndi mfutso pa mabasi ochokera ku Lilongwe ndi Blantyre, ngakhale masitolo a kumeneko ali ndi ufa wachimanga wodzaza mashelefu. Okwera ndege kupita ku Britain amachotsa nsapato m'sutikesi kuti ufa ukwane pasikelo. Akafunsidwa, amayankha kuti ufa wa kumeneko sugwira m'mimba, ndipo palibe amene amawauza kuti aulawe maulendo 10.