Ukadokotala wa pabawo ndi ululu wa m'chifuwa

Amuna ambiri, kuphatikizapo ine ndemwe, ukadokotala tinauphunzirira pabawo, ndipo ikafika nkhani ya m'chifuwa timaopa ululu wolakwika. Kakangotibaya kenakake pansi pa bere lakumanzere, koti n'kukaloza ndi chala chimodzi, timaitana mayi a kunyumba ndi mawu a munthu wotsanzika, n'kuyamba kutchula onse amene anatikongola ndalama. Amene tinawakongola ifeyo timawasiya kaye, mwina tichira. Koma pakati pachifuwa pakalemera tikukwera chitunda, thukuta lili kamukamu kunja kukuzizira, timati ndi nyemba zadzulo, n'kutuma mwana Panado wa paokala.

Chonsecho mtima uli ndi kadandaulidwe kake. Nawonso ndi mnofu, ndipo umalandira magazi kudzera m'timitsempha take. Timitsemphato tikayamba kuphimbika ndi mafuta, magazi amaperewera nthawi imene mtimawo ukugwira ntchito kwambiri: pokwera phiri, popalasa njinga yonyamula makala, ngakhale pokalipa. Wodwalayo satha kuloza ndi chala. Amasanjika chikhatho chonse kapena chibakera pachifuwa, n'kumati zikukhala ngati wina wamuunjika thumba la chimanga. Kulemerako kumatha kufika kumkono wamanzere, kukhosi, kunsagwada kapena kumsana, limodzi ndi befu, nseru ndi thukuta lozizira. Kukasiya munthu atapuma mphindi zochepa, limenelo ndi chenjezo loti akaonane ndi adokotala msanga. Kukapitirira mphindi 15 munthu ali chikhalire, n'kutheka kuti mtsempha watsekekeratu, ndipo mnofu wa mtima umayamba kufa inu mukadali kukambirana za nyemba.

Ululu wa minofu ndi nthiti suvuta kuuzindikira. Umakula ukadina pamalopo, ukapotoloka kapena ukakoka mpweya kwambiri, ndipo kawirikawiri umakhala ndi mbiri yake: dzulo munanyamula simenti pofuna kuonetsa apongozi kuti mphamvu zikadalipo.

Nkhawa ndiye katswiri wonamiza. Mtima umagunda thi thi thi, mpweya umaoneka wosakwana, milomo ndi zala zimachita dzanzi chifukwa chopuma mothamanga, ndipo munthu amakhulupirira ndithu kuti lero ndi lero. Zimafika pachimake m'mphindi pafupifupi 10, kenaka n'kumazilala. Ululuwo ndi weniweni, si sewero ayi, kungoti anthu a mtundu wanga sitivomera kuti tili ndi nkhawa. Mwamuna amalola kufa ndi mtima, matenda aulemu, kusiyana n'kuti zimveke kuti fizi ya Januwale yamunjenjemeretsa.

Wina anena kuti basi, zizindikiro tazidziwa, tizingodzidina pachifuwa n'kugona. Ayi achimwene. Zizindikirozi zimangosonyeza kumene nkhani yapendekera, sizigamula mlandu. Pali anthu amene pamapweteka akadina koma vuto lili mumtima. Amayi, okalamba ndi odwala shuga nthawi zina samva n'komwe kulemera kuja. Amangofooka, kubanika kapena kumva ngati chilungulira. Ndipo kukhala ndi nkhawa si katemera: wankhawa nayenso mtsempha wake umatsekeka.

Wina ati matenda a mtima ndi a mabwana odya soseji, ife a bonya satikhudza. Ndikanakonda zikanatero, umphawi ukanakhalako ndi phindu limodzi. Koma kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti m'Malawi muno pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. BP, shuga, fodya, zaka ndi mbiri ya kumtundu ndi zimene zimakonza njira, ndipo palibe chimene chimayamba chaona pasibuku yakubanki.

Chotsutsa champhamvu ndi cha manyazi ndi thumba. Ulipire kabaza, uime pamzere, kenaka akuuze kuti bambo, mwangokhuta, anthu akumva. Ndikuvomera, zimawawa, ndiponso si chipatala chaching'ono chilichonse chili ndi makina a ECG, amene amajambula kagundidwe ka mtima m'mphindi zochepa, kapena njira yoyezera troponin m'magazi, imene imaonetsa ngati mnofu wa mtima wavulala. Nthawi zina mpaka akutumize kwa Queens kapena ku Kamuzu Central. Koma yerekezani mtengo wa kabaza ndi wa bokosi, galimoto yonyamula maliro ndi ufa wodyetsa mudzi wonse. Choncho chifuwa chikalemera osasiya, khalani pansi, wina akutengereni kuchipatala, musapalase nokha. Ngati aspirin sakuwengani ndipo mulibe zilonda za m'mimba zotaya magazi, madokotala amalangiza kutafuna wa 300 mg muli m'njira. Mndandanda wa angongole uja mukalembera pabenchi, ndipo anamwino akafunsa pamene pakupweteka musayambe ndi mbiri ya nyemba.